Kodi ndikakhululukira alamu anga, ng'ombe zimene analanda zipite choncho?

Amayi ena amene amagulitsa tomato pa msika wa Kapata ku Chipata alemba motere: "Amuna anga atamwalira, akulu awo anabwera kudzatenga ng'ombe ziwiri zapagoli, ngolo ndi pulawo, akuti ndi chuma cha kwawo. Ndinatsala ndi ana anayi, ulimi unandikanika, ndiye ndinabwera kutauni. Chaka chino alamu angawo anaimirira kutsogolo m'tchalitchi n'kunena kuti alapa machimo awo onse, anthu n'kuimba mokondwera, koma za ng'ombe sanatchule ndipo kwa ine sanabwere. Akulu ampingo akuti ndiwakhululukire ndi kuiwala, apo ayi ndisadye Mgonero. Ndikafika pa mawu akuti 'mutikhululukire mangawa athu' pakamwa panga pamauma. Kodi ndikuchimwa pofuna ng'ombezo? Nanga Mulungu akumva pemphero langa?"

Amayi, pepani ndi imfa ya abambo akunyumba, pepaninso ndi zimene zinakugwerani maliro asanazizire. Simukuchimwa pofuna kuti ng'ombe zibwerere kwa ana anu, ndipo kukhululuka kumene Ambuye Yesu akukulamulani sikuchotsa udindo wa alamu anu wobweza zimene anatenga. Akulu ampingo anena zoona kuti Mkhristu ayenera kukhululuka, koma anena mbali imodzi yokha ya nkhani, ndipo mbali imene aisiyayo ndi imene ikukhudza alamu anu. Popeza simunatchule mpingo wanu, ndigwiritsa ntchito Baibulo pamodzi ndi chiphunzitso cha mipingo iwiri imene inazika mizu kalekale kuno kummawa kwa Zambia, wa Reformed umene unayambira ku Magwero mu 1899 ndi wa Katolika, chifukwa pa nkhani iyi yonse iwiri imalankhula mofanana.

Tiyambe ndi kulapa kwa alamu anu. Za mumtima mwawo adziwa ndi Mulungu, ndipo si kwa ine kapena kwa inu kunena kuti misozi yawo inali yachinyengo. Komabe Malemba sanatisiye opanda choyezera. Yohane M'batizi, anthu atakhamukira kwa iye ku Yordano, sanakhutire ndi kubwera kwawo koma anawauza kuti abale zipatso zoyenera kulapa, ndipo atamufunsa chochita anawayankha ndi zinthu zogwirika: wa malaya awiri agawireko amene alibe, okhometsa msonkho asalipiritse kuposa zimene analamulidwa, asilikali asalande za anthu (Luka 3:8-14). Paulo nayenso, pofotokozera mfumu Agripa za ulaliki wake, anati ankauza anthu kuti alape, atembenukire kwa Mulungu, ndi kuchita ntchito zoyenera kulapako (Machitidwe 26:20). Munthu amene tchimo lake linali kutenga cha mnzake, ntchito yake yoyenera kulapa ndi yodziwikiratu.

Chilamulo cha Mose chinaika ndondomeko imene alaliki ambiri saiwerenga pa guwa. Pa Levitiko 6:1-7, munthu amene walanda kapena kunyenga mnzake ankayenera kubweza chinthucho chathunthu, kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo 5 a mtengo wake, kupereka kwa mwini wake, ndipo nkhosa yansembe yopalamula inkapita kwa wansembe pa tsiku lomwelo. Kubweza ndi nsembe zinkayendera limodzi, moti munthu sakanapita ndi nkhosa ku chihema chinthu cha mnzake chili m'nyumba mwake. Pa za ziweto lamulo linali lolimba koposa: wakuba ng'ombe n'kuipha kapena kuigulitsa ankalipira ng'ombe 5, wakuba nkhosa ankalipira nkhosa 4 (Eksodo 22:1). Ndi chifukwa chake Zakeyu wa ku Yeriko, Yesu atalowa m'nyumba mwake, sanangonena kuti wachimwa. Analonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda monyenga, ndipo ndi pamenepo pamene Yesu ananena kuti chipulumutso chafika pa nyumba imeneyo (Luka 19:8-9). Sikuti Zakeyu anagula chipulumutso ndi ndalama zake, ayi, chisomo ndicho chinayamba kumupeza ali mumtengo; koma chisomocho chitalowa, chinafika mpaka m'thumba.

Mpingo wasunga chiphunzitso chimenechi kuyambira kale. Augustino, amene anali bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, ndipo anamwalira mu 430, analembera mkulu wina wa boma dzina lake Macedonius kuti ngati chinthu cholandidwa chingathe kubwezedwa koma sichibwezedwa, kumeneko si kulapa koma kuyerekeza kulapa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1459, amaphunzitsa kuti wochimwira mnzake achite zimene angathe kukonza chimene waononga, ndipo chitsanzo choyamba chimene amapereka ndi kubweza katundu wakuba. Wansembe akamasula munthu m'sakramenti la kulapa, mangawa a kwa mnzake amakhala alipobe. Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563, umene mpingo wa Reformed umatsatira, amati kutembenuka koona kuli ndi mbali ziwiri, kufa kwa munthu wakale ndi kuuka kwa munthu watsopano, ndipo kufako ndi kumva chisoni chenicheni pa tchimo, kudana nalo ndi kulithawa. N'kovuta kunena kuti munthu wathawa tchimo pamene mmawa uliwonse amamanga goli pa ng'ombe za ana amasiye n'kupita nazo kumunda kwake.

Ngakhale makolo athu, uthenga usanafike, ankadziwa zimenezi. Wolakwira mnzake sankapita chimanjamanja. Ankatuma nkhoswe, ankanyamula nkhuku kapena mbuzi, ndipo bwalo la amfumu linkanena chobweza, chifukwa pepani sapoletsa chilonda. Zimandidetsa nkhawa kuti m'mipingo ina chizolowezi cholapa poyera chasanduka njira yapafupi kuposa mwambo wakumudzi. Kuimirira pamaso pa anthu mazana n'kunena kuti "ndalapa machimo anga onse" kumaoneka ngati kulimba mtima, komatu n'kosavuta poyerekeza ndi kukhala pamphasa ya mayi mmodzi wamasiye n'kunena kuti "ng'ombe zija ndinalakwa kutenga". Ngakhale tsiku la 18 Okutobala, limene boma linakhazikitsa mu 2015 kuti likhale la mapemphero, kusala kudya, kulapa ndi kuyanjana, limakumana ndi vuto lomweli: machimo otchulidwa mwachisawawa salipiritsa munthu kanthu. Davide analapa moona pamene mneneri Natani anamuloza ndi kutchula chimene anachita kwa Uriya (2 Samueli 12), ndipo Salimo 51 linabadwa pa tchimo lodziwika dzina.

Tsopano za inu, amayi, chifukwa sindingakuuzeni zokoma zokhazokha. Lamulo la kukhululuka likukukhudzanidi, ndipo silidikira kuti alamu anu ayambe awongoka. Yesu anati mukaimirira kupemphera, khululukani ngati muli ndi kanthu ndi munthu wina (Marko 11:25), ndipo atamaliza kuphunzitsa Pemphero la Ambuye, pempho limodzi lokha ndi limene analibwereza ndi chenjezo, ndilo la kukhululukira (Mateyu 6:14-15). Kukhululuka kumeneku ndi kusiya kubwezera m'manja mwa Mulungu, kuleka kufunira munthuyo tsoka, ndi kukhala wokonzeka kumulandira akabwera moona. Ngati mumtima mwanu muli chikhumbo chakuti ng'ombezo zimugunde, kapena kuti ana ake avutike monga avutikira anu, kapena ngati wina wakunong'onezani zopita kwa sing'anga, pamenepo ndi pamene inuyo muyenera kulapa, ndipo musazengereze. Chenjeraninso ndi zimene mumalankhula ana akumva madzulo, chifukwa mkwiyo wa mayi umalowa mwa ana mosavuta, ndipo iwo ndi ana a alamu anu ndi magazi amodzi amene adzafunana pa maliro ndi pa maukwati inu mutapita.

Mawu akuti "muiwale" si a m'Malemba pa nkhani ya munthu ndi mnzake. Yosefe sanaiwale kuti abale ake anamugulitsa. Patapita zaka zambiri anawauza maso ndi maso kuti anamupangira choipa, koma Mulungu anachisandutsa chabwino (Genesis 50:20). Ndipo asanadziulule kwa iwo anawayesa ndi nkhani ya Benjamini kuti aone ngati asintha. Choncho kukhululuka, kuyanjana ndi kukhulupirirana ndi zinthu zitatu zosiyana. Choyamba mungathe kuchichita nokha lero. Chachiwiri chimafuna anthu awiri, n'chifukwa chake Paulo analemba kuti "ngati n'kutheka, monga momwe mukhoza, khalani ndi mtendere ndi anthu onse" (Aroma 12:18), podziwa kuti nthawi zina mnzako ndiye amatseka khomo. Chachitatu chimabwera pang'onopang'ono munthu akaonetsa kusintha. Yesu mwini anaika ndondomeko yake pa Luka 17:3, kuti m'bale wako akachimwa umdzudzule, ndipo akalapa umkhululukire. Akulu ampingo akukufunsani mbali yachiwiri ya vesili atalumpha yoyamba.

Mwina wina adzakuwerengerani fanizo la kapolo wosakhululuka pa Mateyu 18:23-35 n'kunena kuti mfumu inafafaniza ngongole yonse, ndiye inunso mufafanize ya ng'ombe. Fanizoli tiliwerenge bwino. Kapolo woyamba anali ndi ngongole ya matalente 10,000. Talente imodzi inali madinari 6,000, ndipo dinari imodzi inali malipiro a waganyu pa tsiku, moti ngongoleyo inali madinari 60 miliyoni, ndalama zimene munthu sangabweze ngakhale atakhala ndi moyo kangati. Mnzake uja anali ndi ngongole ya madinari 100, malipiro a miyezi itatu ndi masiku angapo. Imeneyo sinali ndalama yochepa, ndipo Yesu sakunena kuti zimene anthu amatilakwira ndi zazing'ono; akunena kuti zimene Mulungu watikhululukira ndi zazikulu kotheratu. Koma onani kuti akapolo onse awiri anavomera ngongole yawo, anagwada, napempha nthawi yoti abweze. Tchimo la kapolo woyamba linali kugwira pakhosi munthu amene wavomera mlandu ndi kupempha chifundo. Tsiku limene alamu anu adzabwere kudzavomera ndi kupempha kuti muwalezere mtima, fanizoli lidzakhala likulankhula kwa inu mwamphamvu. Pakadali pano iwo sanavomere n'komwe kuti pali ngongole.

Palinso chifukwa china chimene sindingakulangizireni kungozisiya, ndicho chakuti ng'ombezo si zanu nokha. Lamulo la dziko lino la chuma cha masiye, Intestate Succession Act la mu 1989, limati munthu akamwalira osalemba wilo, ana amalandira magawo 50 pa 100 a chuma chake, mkazi kapena mwamuna wotsala magawo 20, makolo a malemu magawo 20, ndipo amene ankasungidwa ndi malemuyo magawo 10. Lamuloli silikhudza malo a mafumu, koma ziweto, ngolo ndi pulawo ndi chuma chogawidwa. M'bale wa malemu, ngakhale atasankhidwa kukhala woyang'anira chumacho, ntchito yake ndi kugawira oyenera, osati kutenga. Inu mungathe kupereka gawo lanu mwaufulu ngati mtima wanu wafuna, ndipo chimenecho chingakhale chifundo chokoma, koma gawo la ana anayi aja mulibe mphamvu yolipereka m'dzina la kukhululuka. Mulungu amene akukulamulani kukhululuka ndi yemweyo amene anati musazunze mkazi wamasiye kapena mwana wamasiye, chifukwa akalira kwa Iye adzamva ndithu (Eksodo 22:22-23), ndipo Yesu anadzudzula alembi amene ankadya nyumba za akazi amasiye n'kumapemphera mapemphero ataliatali (Marko 12:40).

Mwafunsa ngati Mulungu akumva pemphero lanu. Pamene Yesu anafuna kuphunzitsa ophunzira ake kuti azipemphera nthawi zonse osafooka, chitsanzo chimene anasankha chinali mayi wamasiye amene ankabwerabwera kwa woweruza kupempha kuti amuweruzire mlandu wake ndi mdani wake (Luka 18:1-8). Sanamudzudzule kuti alibe mtima wokhululuka, koma anamuika kukhala mphunzitsi wathu wa pemphero. Choncho musaope kutchula ng'ombe pamaso pa Mulungu. Muuzeni za munda umene wagonera, za fizi ya ana, za tomato amene amaola asanagulidwe, ngakhale za mkwiyo wanu, monga alembi a Masalimo ankachitira osabisa. Chimene ndikukuletsani ndi mapemphero amene afala masiku ano oitanira moto pa adani ndi kubwezera tsoka kwa wotumiza. Yakobo ndi Yohane atafuna kuitanira moto pa mudzi wa Asamariya, Yesu anatembenuka n'kuwadzudzula (Luka 9:54-55), ndipo pemphero lotere limasiya mtima uli wowawa kuposa mmene unalili.

Za kuuma pakamwa mukafika pa mangawa, ine ndikuona ngati ndi chizindikiro chakuti chikumbumtima chanu chili moyo, pakuti ambiri amadutsa pa mawu amenewo Lamulungu lililonse osamva kanthu. Katekisimu wa Heidelberg, pofotokoza pempho limeneli pa funso 126, sanena kuti tikhale titamaliza kumva kupweteka. Amati umboni wa chisomo mwa ife ndi kutsimikiza mtima kwathu kukhululukira mnzathu. Wa Katolika, pa ndime 2843, amavomereza poyera kuti kusamva kupweteka kapena kuiwala cholakwa sikuli m'mphamvu yathu, koma mtima wodzipereka kwa Mzimu Woyera umasandutsa chilondacho kukhala chifundo ndi kupempherera wolakwayo. Ndiye nenani mawuwo ngakhale mawu anu akunjenjemera, ndipo onjezani kuti, "Ambuye, ndikufuna kukhululuka, thandizani pamene ndikulephera." Kenako tchulani alamu anu ndi dzina, muwapemphere kuti Mulungu awapatse kulapa kwathunthu ndi kuwasunga pamodzi ndi banja lawo. Masiku oyamba pempheroli limatuluka mokakamiza, ndipo mkwiyo umabwerera mukaona ngolo ya munthu wina ikudutsa ndi matumba a chimanga. Kubwerera kwa mkwiyo sikutanthauza kuti simunakhululuke. Kukutanthauza kuti mukhululukenso tsiku limenelo, ndipo mwina ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Yesu anakanira kasanu ndi kawiri ka Petro n'kuika chiwerengero chimene munthu sangakhale akuwerenga (Mateyu 18:21-22).

Pa nkhani ya Mgonero, vesi imene imagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi Mateyu 5:23-24, yonena za kusiya mtulo pa guwa ndi kuyamba wakayanjana ndi m'bale wako. Koma vesiyo imati ukakumbukira kuti m'bale wako ali ndi kanthu ndi iwe, kutanthauza kuti ikulankhula ndi amene walakwira mnzake. Woyenera kusiya mtulo n'kuyenda ulendo wopita kwa mnzake pa nkhani iyi ndi alamu anu. Inu dziyeseni monga Paulo akunenera pa 1 Akorinto 11:28, ndipo ngati mwapeza kuti simukufuna kubwezera koma chilungamo chokha, ine sindikuona chifukwa cha m'Malemba chokuletserani ku gome. Komabe musakangane ndi akulu ampingo pa tsiku la Mgonero. Pemphani kuonana ndi abusa kapena ansembe pa nthawi yake, muwafotokozere nkhani yonse kuyambira tsiku la maliro, chifukwa n'kutheka kuti ena mwa akuluwo anangomva zakuti pali mayi wosunga chakukhosi, za ng'ombe sanazimve bwino.

Njira yoyendetsera nkhaniyi Yesu anaipereka pa Mateyu 18:15-17: kuyamba pa awiri, kenako ndi mboni imodzi kapena ziwiri, kenako mpingo. Kwa mayi wamasiye kupita yekha kwa alamu ake sikoyenera mwamwambo ndipo mwina sikotetezeka, choncho tengani ankhoswe a ukwati wanu kapena atsibweni anu, pamodzi ndi mayi mmodzi wachikulire wa m'chigwirizano kapena wa mumphakati. Mukafika musayambe ndi kuwanyoza. Auzeni kuti munamva za kulapa kwawo ndipo munakondwera, kuti inu mwawakhululukira pamaso pa Mulungu, ndi kuti mwabwera kudzamva za ng'ombe za ana a mng'ono wawo. Mawu otere amapatsa munthu mpata wobweza popanda kuchita manyazi kwambiri, ndipo cholinga chimene Yesu anatchula ndi kubweza m'bale wako, osati kumugonjetsa. Akakana, nkhaniyo ipite ku bwalo la akulu ampingo ndi kwa amfumu a mudzi umene ng'ombezo zili.

Ena adzakuuzani kuti 1 Akorinto 6 imaletsa Mkhristu kutengera mnzake ku khoti. Paulo pamenepo akudzudzula mpingo chifukwa chosowa munthu wanzeru woweruza pakati pa abale, ndipo pa vesi 8 akudzudzula iwo amene amalanda za abale awo. Mpingo umene ukufuna kuti milandu isapite kunja uyenera kuiweruza wokha mwachilungamo. Ukalephera kapena ukakana, olamulira a dziko nawonso ndi atumiki a Mulungu pa ntchito ya chilungamo (Aroma 13:4), ndipo kupita ku ofesi ya Victim Support Unit ku polisi, imene imalandira madandaulo a kulandidwa katundu wa masiye, kapena ku khoti la lokolo, si kubwezera choipa. Musachedwe kwambiri, chifukwa ngakhale akulu amati mlandu suola, mboni zimakalamba ndipo ng'ombe zimagulitsidwa.

N'kuthekanso kuti mukapeza ng'ombezo zinagulitsidwa kale kapena zinafa ndi matenda, ndipo alamu anu alibe mphamvu yobweza zonse nthawi imodzi. Akavomera mlandu, pamenepo ndi pamene chifundo chanu chidzakhale ndi ntchito. Musafune kanayi ka Zakeyu kapena ng'ombe 5 za m'Eksodo. Mungagwirizane kuti apereke thole limodzi chaka chino ndi lina chaka chamawa, kapena matumba a chimanga ndi soya akakolola, kapena kuti azikulimirani munda ndi ng'ombe zawo mvula yoyamba ikagwa mpaka mtengo wake utakwana, ndipo ngolo ndi pulawo, ngati zilipo, zibwere msanga. Zimene mwagwirizanazo zilembedwe papepala pamaso pa amfumu ndi mkulu wampingo mmodzi, aliyense asunge lake, ndipo mwana wanu wamkulu akhalepo kuti amve yekha atate ake aakulu akuvomera.